Loya wa Botolo la Nkhaka

Makiyi a nyumba yanga ndimayenda nawo m'thumba la epuloni, omangidwa pa kansalu kofiira. Kuti mpaka lero akutsegulabe chitseko changa, osati cha munthu wina wogula pa okushoni, ndi chifukwa cha Mayi Bogumiła Sroka, loya wa pa nsanjika yoyamba. Ndayamba dala ndi mawu amenewa kuti zonse zimene nditi ndinene za mayiwa musazitche miseche. Miseche n'kunena munthu amene sumukonda. Ine ndikungofotokoza.

Ndine Genowefa Kuc, koma ondidziwa mu Tarnów muno amangoti Gienia. Ndasesa masitepe a chinyumba chathuchi zaka makumi atatu ndi ziwiri, ndipo ndimakhala pansi penipeni, m'zipinda ziwiri zoyang'ana ku bwalo la kuseri, zimene ine ndi malemu amuna anga tinagula kwa a khonsolo nthawi imene ankagulitsa. Sukulu ndinasiyira panjira. Maphunziro otsalawo ndinamalizira pa masitepe, chifukwa munthu wogwira tsache anthu samuona, amalankhula zawo zonse ngati aima pafupi ndi khoma.

A Sroka ndi mwana wa munthu wogwira ntchito ku njanji. Ndi aafupi, a mawu aakulu ngati a mwamuna wosuta, magalasi olendewera pa chingwe. Zaka zambiri anali loya wa fakitale ya boma yopanga mipando, ndipo fakitaleyo itatsekedwa anabwera kudzachita lendi zipinda ziwiri pamwamba pa mutu wanga. Milandu yawo inali ya anthu athu omwewa: alimi olimbirana kamalire ka munda kosakwana phazi, abale okanganirana nyumba ya malemu maluwa a pamanda asanafote, ndi maukwati amene afika pogawana masupuni. Amuna awo, a Lucjan, anamwalira kalekale. Anawasiyira chipewa cha bulauni chimene chinkakhala pa msomali kuseri kwa chitseko cha ofesi, ngati mwini wake wangotuluka kukagula nyuzipepala.

Mayiwa ankaopedwa. Ndinawaonapo ndi maso angawa akuliritsa bambo wamkulu wa ndevu zake chifukwa chosaina pepala asanaliwerenge. Ndiye zimene ndinaona tsiku lina Lachiwiri sindikanazikhulupirira akanandiuza wina.

Kunabwera Mdatchi, wamtali mpaka kuwerama polowa pakhomo. Ankafuna kutsegula kampani yogulitsa mababu a maluwa, mbewu zija zonga anyezi. Anayamba kulankhula Chingerezi ali pa masitepe, akumwetulira, akuloza dzina la a Sroka pa chitseko. A msinkhu wathu tonse kusukulu tinaphunzira Chirasha, ndipo ngakhale chimenecho tinachiiwala mwadala. Ndinalowa mu ofesi kuti ndikawaitane, mpando ndinaupeza wopanda munthu, tiyi akutuluka nthunzi. Ndinawapeza m'chimbudzi, atakhala pa chivindikiro, magalasi ali m'manja.

"Kamuuzeni kuti ndili ku khoti," anandinong'oneza.

Ndinawafunsa kuti ndikamuuza m'chinenero chanji, popeza ine Chingerezi changa n'chofanana ndi chawo. Anangonditsinzinira diso loopsa lija. Ndinatuluka, ndinamulozera mlendoyo kunja ndi tsache, iye anathokoza, n'kupita kwa maloya achinyamata a m'nyumba ya magalasi ya kumsika.

A Sroka anatuluka tiyi atazizira. Anali ndi zaka makumi asanu ndi zisanu ndi ziwiri. Anandiuza kuti ndikadzauza munthu aliyense adzandisumira mpaka ndidzagulitsa ndowa. Ndipo ndinasunga chinsinsi, chifukwa ndinangouza wokonza tsitsi ndi mayi wophikira ansembe basi.

Sabata yotsatira anayamba kalasi ya Loweruka m'mawa, kukhala benchi limodzi ndi ana oti akanakhala zidzukulu zawo. Koma sankafuna Chingerezi chofunsira njira ya ku siteshoni. Ankafuna cha malamulo, chofotokozera mlendo mmene amatsegulira kampani ya mtundu uja umene alendo onse amaukonda, umene amati ikagwa, mwini wake amangotaya zimene anaikamo, katundu wake wa kunyumba osakhudzidwa. Mawu onse ankawalemba pa timakhadi tachikasu, n'kutisunga mu katoni ya nsapato. Chinasowa n'choyeserera. Mphaka analibe. Ndiye anapeza ine.

Lachinayi lililonse nthawi ya 2 koloko, ndikamaliza kukolopa, ankandikhazika pa mpando wa alendo, n'kundiveka chipewa cha malemu a Lucjan. Pamenepo ndinkasanduka Bambo Brown a ku London. Ntchito yanga inali kugwedeza mutu, malipiro anga tiyi ndi keke ya maapozi. Chingerezi chawo chinkamveka ngati malasha akukhuthulidwa m'chipinda chapansi, koma ndinkagwedezabe mutu mwaulemu, monga bambo wolemera. Mawu akawathera ankatenga botolo lalikulu la nkhaka zoviika m'madzi a mchere, zimene mlimi wina anawapatsa pothokoza, n'kuliika pa tebulo. Ankalimenya pambali, kumenya chivindikiro, kugwira dzanja langa, kuloza kalendala, thukuta lili kamukamu. Ine ndinkagwedeza mutu n'kumadya nkhakazo.

Tsiku lina, patapita chaka, anaima pakati n'kundifunsa m'chinenero chathu kuti Bambo Brown amvapo chiyani. Ndinati zonse. Anati ndibwereze. Ndinaganiza pang'ono, n'kunena kuti nkhakazi zikuchepa adyo.

Sanaseke. Anatenga khadi limodzi, n'kulembapo ndi zilembo zikuluzikulu kuti KUGWEDEZA MUTU SI KUMVA, m'chinenero chathu pamwamba, m'Chingerezi pansi, n'kulikhoma pa khoma kuseri kwa mpando wawo. Anati ndine mphunzitsi wabwino kuposa wa Loweruka uja. Ndinalandira chiyamikirocho ngakhale sindinadziwe kuti ndaphunzitsa chiyani.

Zaka zitatu zinatha choncho. Pa chitseko anawonjezera kamzere kakang'ono konena kuti pano timalankhula Chingerezi, kakang'ono zedi, koti munthu awerenge atagwada. Mlendo amene analowa m'zaka zonsezo anali mmodzi, mtsikana wa chikwama cha kumsana, wofuna chimbudzi. A Sroka anamulozera mosavuta, poti njira ya kumeneko ankaidziwa bwino.

Tsono ine ndili ndi mwana mmodzi, Aldona. Anapita ku Scotland kukatumbula nsomba m'fakitale, anakhalako zaka khumi ndi ziwiri, n'kubwerako ndi mwamuna wa tsitsi lofiira dzina lake Alasdair. Dzinalo linatikanika, timangoti Alek. Mkamwini wanga ndi munthu wabwino moti akagunda chitseko amachipepesa. Nthawi imeneyo chinenero chathu ankadziwa mawu atatu: zikomo, mowa, ndi amayi. Maloto ake anali ophika masikono a kwawo n'kudyetsa Tarnów yense. Ndinamuuza kudzera mwa Aldona kuti anthu a kuno anakulira madonasi a jamu ndi buledi wakuda, ndipo sasintha pakamwa chifukwa cha mlendo. Anamwetulira n'kunena kuti zikomo, amayi.

Pa 3 Januwale ndi tsiku la woyera mtima amene ndinatengera dzina lake, ndipo monga chaka chilichonse nyumba yanga inadzaza: mlamu wanga Czesława ndi miseche yake, wokonza tsitsi, oyandikana nawo, nsomba za mchere ndi saladi pa tebulo. Alek anandipatsa kabokosi kokutidwa bwino. Ndinkayesa ndolo. Nditatsegula ndinapeza chidindo chatsopano, cha chogwirira chakuda. Ndinachidinda pa kapepala kopukutira pakamwa, ndipo panatuluka mawu akuti: Genowefa Kuc, Pulezidenti wa Kampani.

Aldona anafotokozera alendo. Kampani ya masikono idzakhala ya Alek, masheya onse ake, uvuni wake, thukuta lake. Koma kampani imafuna woiyendetsa wolembedwa m'kaundula wa ku khoti, ndipo makalata a boma amabwera m'chinenero chathu, amafunanso munthu wopezeka pakhomo positi akabwera. Aldona anali ndi pakati, akugwiranso ntchito ku famase. Ndiye anaganiza zolemekeza amayi. Mapepala anali atakonzedwa kale ndi loya wachinyamata wa ku Kraków, amene ankalankhula ndi Alek pa kompyuta m'Chingerezi chosalala ngati batala. Iyeyo ndi amene anamuuza kuti kampani ya kuno ndi chimodzimodzi ya kwawo, palibe choopa. Chinatsala n'kukasaina kwa notari, mkulu wotsimikizira mapepala a malamulo, Lachisanu la sabata yotsatira.

Kuno munthu wopanda chidindo ndi munthu wa theka. Dokotala ali nacho, wansembe ali nacho, ngakhale woyendera machumuni ali nacho. Ine zaka zonsezi ndinali ndi tsache. Ndinaona nkhope ya Czesława ikuwawasa ngati wadya ndimu, ndipo mtima wanga unayera mbee. Tsiku limenelo ndinadinda mapepala onse a pa tebulo, kuseri kwa bilu ya gasi, ndi pa dzanja la mwamuna wa wokonza tsitsi.

M'mawa mwake ndinakwera ndi ndowa yanga, ndinalowa mu ofesi osagogoda, n'kudinda pa nyuzipepala imene a Sroka ankawerenga. Anavala magalasi. Anawerenga kawiri.

"Mwasaina kale?"

"Lachisanu la sabata ya mawa, a loya. Muyambiretu kundipatsa ulemu."

"Nyumba yanu ija ili m'dzina la ndani?"

"Langa. Mukufuna ikhale m'dzina la ndani?"

Anandiuza kuti ndikhale pansi, opanda chipewa. Anafotokoza m'chinenero chathu, mosazungulira. Mwini masheya, anatero, amatayadi zokhazo zimene anaikamo. Koma lamulo la dziko lino lili ndi mano ena, ndipo manowo amaluma woyendetsa kampani. Kampani ikalephera kulipira anthu, woyendetsayo ali ndi masiku makumi atatu okha oti akanene ku khoti kuti yagwa. Akachedwa, ndipo m'kampanimo mukapezeka mopanda kanthu, oidandaula amatembenukira kwa iye mwini, ndipo masherifu amabwera pakhomo pake. Anati pulezidenti amene sadziwa zimene zikuchitika mu uvuni sangadziwe n'komwe tsiku loyambira kuwerenga masikuwo.

Ndinamva, sindinama. Koma chidindo chinali chotentha m'thumba. Ndinawauza kuti nsanje ndi matenda oipa, munthu kuphunzira zaka zonsezo koma osakhalapo pulezidenti wa kanthu kalikonse, lero wosesa masitepe wawapitirira. Ndinatenga ndowa yanga n'kutsika ngati mkazi wa nduna.

Komabe madzulo ndinamuuza Aldona. Iye anati mayi wokalambayo akungofuna kasitomala. Alek anaimbira mnyamata wa ku Kraków uja, amene anati inde, kamfundo kameneko kalipo penapake pa tsamba lakumapeto, koma n'kakang'ono, anthu achilungamo sikawakhudza. Mkamwini wanga anakhumudwa kwambiri. Ankaona ngati akumuganizira zofuna kubera apongozi ake, iye amene ankangofuna kuwapatsa ulemu. Tsono ine ndikanatani? Kukana mphatso ya mkamwini pamaso pa Czesława? Ndiponso diresi yokasainira ndinali nditagula kale, ya buluu, ya mabatani agolide. Ndinatsimikiza mtima kuti ndisaina.

Lachitatu la sabata yosainirayo a Sroka ananditsekera njira pa masitepe. Anati mawa 2 koloko, nthawi yathu ija, ndibwere ndi mkamwini wanga.

"Mukalankhula naye m'chiyani, a loya?"

Nkhope yawo inayera ngati ufa. "M'Chingerezi."

"Ndiye ndikakolopetu bwino ku chimbudzi, mukakhale pabwino."

"Mukachitseke," anatero, "kiyi wake musunge inu."

Apo nthabwala zinandithera. Ndinadziwa kuti munthu amene akudzitsekera yekha pothawira sakuchita za nsanje.

Lachinayi tinakwera atatu. Alek anavala tayi, nkhope ili gwa. Aldona anati amasulira, kuti zinthu zifulumire. A Sroka anakana. Anamuuza kuti, mwana wanga, iwe umakonda onse awiri, mwamuna wako ndi mayi ako, ndiye mawu akuthwa uwasula asanafike. Anamulola chinthu chimodzi chokha: kukhala pambali panga n'kumandinong'oneza zimene zikunenedwa. N'chifukwa chake ndikutha kukufotokozerani.

A Sroka anayamba bwino ndithu. Moni anapereka, dzina lawo ananena, mpando analoza. Kenako anatsegula katoni ya nsapato kuti atenge khadi loyamba, koma katoni inatsetsereka, makhadi achikasu a zaka zitatu anamwazika pansi ponse, ena mpaka kunsi kwa kabati. Alek anagwada kuti atole, akupepesa. Ndinaona maso a a Sroka akupita ku chitseko cha chimbudzi. Ine ndinangosisita thumba la epuloni kuti kiyi alire.

Anapuma mozama. Anamuuza Alek kuti asiye makhadiwo, akhale pansi. Anapita pa zenera n'kubwera ndi botolo la nkhaka.

Analiika pakati pa tebulo. Botolo ili, anatero ndi malasha awo aja, ndi kampani. Nkhaka ndi ndalama zako. Waika m'kati. Botolo likasweka, wataya nkhaka. Galimoto yako, malaya ako, palibe wogwira. Alek anagwedeza mutu mokondwa, poti zimenezi ndi zomwe anamuuza wa ku Kraków.

Ndiye anagwira dzanja langa, monga ankachitira Lachinayi lililonse kwa zaka zitatu, n'kuliika pa chivindikiro. Uyu ndi pulezidenti, anatero. Dzanja ili ndi limene lagwira botolo. Nkhaka zikayamba kuwola, dzanja liyenera kuthamangira ku khoti. Analoza kalendala, n'kumenya masiku ndi chala, limodzilimodzi, mpaka makumi atatu. Tonse tinangomvetsera chala chikugunda pa khoma. Litakwana la makumi atatu anatembenuka. Dzanja silinathamange. Wogulitsa ufa akubwera, akuyang'ana m'botolo, mulibe kanthu. Sapita kwa iwe, mwini nkhaka. Akutsatira dzanja.

Anayendetsa chala chawo kuchokera pa dzanja langa, kukwera mkono, kutsika mpaka m'thumba la epuloni. Anatulutsa makiyi anga a kansalu kofiira, anatsegula botolo, n'kuwaponya m'madzi a mchere. Anamira pang'onopang'ono pakati pa nkhaka ndi adyo, mpaka anakagunda pansi.

Zaka zitatu ndinaonera sewero limeneli ndikutafuna. Tsiku limenelo m'pamene ndinaliona koyamba.

Alek anagwedeza mutu. A Sroka, osatembenuka, analoza khadi lija la pa khoma kuseri kwawo, n'kumuuza kuti abwereze zonse ndi pakamwa pake. Anabwereza, koma analumpha masiku makumi atatu. Anamubweza. Kachiwiri ananena kuti kwawo sizili choncho kwenikweni, iwo anati kuno si kwanu, bwerezanso. Kachitatu anafika pakati n'kuima yekha. Anafunsa kuti kodi amene amadziwa kuti nkhaka zayamba kuwola ndi ndani. A Sroka anati ndi amene amakhala ndi mphuno m'botolo tsiku lililonse, amene amaona mapepala a kampani. Kenako ananditembenukira m'chinenero chathu.

"A Gienia, mapepala a kampani mumatha kuwerenga?"

"Ndimawerenga za nyenyezi m'magazini, ndi zidziwitso za maliro."

Aldona anamasulira zimenezo osachotsapo kanthu. Nkhope ya mkamwini wanga inafiira kuposa tsitsi lake. Anaimirira, anachotsa dzanja langa pa botolo mofatsa ngati akunyamula dzira, anapinda mkono wa malaya, n'kulowetsa dzanja lake m'madzi a mchere. Anavuula makiyi, anawapukuta pa tayi yake yatsopano, n'kundipatsa ndi manja awiri.

"Pepani, amayi," anatero m'chinenero chathu. Ndinali ndisanadziwe kuti waphunzira mawu achinayi.

Kenako anaika dzanja lake pa chivindikiro n'kufunsa ngati munthu wosadziwa chinenero angakhale pulezidenti wa kampani yake yomwe. A Sroka anati angathe. Makalata azibwera nawo kwa iwo, kwa notari adzapita ndi womasulira wolumbira amene adzamuwerengera liwu lililonse, ngakhale la tsamba lakumapeto. Koma anamulumbiritsa chinthu chimodzi, dzanja lili pa botolo pomwepo: tsiku limene adzamve kafungo, asadzadikire kuti mwina mawa zisintha. Adzakwere masitepe.

Atatuluka ana, a Sroka anakhala pa mpando ngati thumba la mbatata, n'kutambasula dzanja. Ndinawapatsa kiyi wa chimbudzi. Ndinalira, koma musaganize kuti ndinkalirira nyumba imene inapulumuka. Ndinkalirira upulezidenti wanga wa masiku asanu ndi anayi, ndi diresi ya mabatani agolide. Sabata yonse sindinawapatse moni. Pokolopa ndinkasiya dala malo ouma kutsogolo kwa chitseko chawo.

Shopu ya masikono inatsegulidwa, ndipo poyamba anthu ankabwera, makamaka kudzaona mwamuna wovala siketi, poti Loweruka Alek ankavala chovala cha kwawo. Ankagula sikono imodzi, kuluma, n'kufunsa kuti jamu anaiwala kuika m'kati kapena. Inayenda zaka ziwiri, mokwawa. Kenako gasi anakwera mtengo, ufa nawo unakwera, ndipo uvuni unayamba kudya kuposa banja lonse.

Tsiku lina m'mawa ndikukolopa, ndinaona mkamwini wanga akukwera masitepe, maso ali ofiira, ufa uli m'tsitsi. Sanandione, poti ndinali ndi tsache. Anagogoda, ndipo chitseko chitatsegulidwa ananena m'chinenero chathu, mawu oti anachita kukonzekera panjira:

"A loya, zayamba kununkha."

Mapepala anafika ku khoti masiku makumi atatu asanakwane. Uvuni unapita, kagalimoto konyamulira kanapita, mashelefu ndi mathireyi omwe. Zinamuwawa mwana wa eni, anaonda mpaka tayi ija inkaoneka yaikulu. Koma zinathera m'botolo.

Ine ndinalandirako mlendo mmodzi yekha. Wogulitsa ufa, bambo wonenepa wa jekete lachikopa, anagogoda pakhomo panga n'kunena kuti akufuna pulezidenti wa kampani ya masikono. Anati anamva kwa mkazi wake, amene anamva kwa wokonza tsitsi, kuti pulezidenti ndi mayi wa pansi pano, ali ndi chidindo chomwe. Ankalankhula ndi ine koma maso ali m'kati, akuyeza zipinda zanga, firiji, mawindo. Sindinadziwe kuti miseche imene munthu unafesa wekha imatha kubwerera itavala jekete lachikopa. Ndinamuuza kuti akwere nsanjika imodzi. A Sroka anamuonetsa kaundula wa ku khoti pa kompyuta, dzina langa mulibe, tsiku limene Alek anakanena lili poyera. Anatsika mwakachetechete, n'kupukuta mapazi pa chiguduli changa potuluka, ngati kuti zimathandiza.

Aldona ndi Alek analephera lendi ya kumene ankakhala, ndiye anasamukira kwa ine. Lero m'zipinda ziwiri zija tilimo asanu, poti ana ndi awiri tsopano. Mkamwini amaliza mkonono ngati thirakitala, ana amabisa masokosi anga, ku bafa timachita kuima pa mzere ngati nthawi ya chikomyunizimu. Ndimadandaula tsiku lililonse, kwa aliyense wofuna kumva. Koma nthawi zina ndikamaponda tizidole mumdima wa m'mawa, ndimadzifunsa kuti asanufe tikanagona kuti ndikanavala diresi ya buluu Lachisanu lija.

Alek tsopano amaphika buledi ku hotela ina, ndipo madonasi ake Czesława yemwe amawayamikira, ngakhale amatero akuyang'ana kumbali. Nkhani ya botolo anaifalitsa kwa alendo anzake onse kumene amakaonera mpira wawo wolimbirana ngati nkhondo. Ndiye masitepe anga masiku ano amadetsedwa ndi nsapato za mitundu yonse. Kwabwera Mturuki wa nyama yowotcha, Mmwenye wa makompyuta, akazi awiri a ku Spain ofuna sukulu ya magule. Chaka chatha kunabweranso Mdatchi, koma sindikudziwa ngati ndi yemwe uja, poti onse ndi aatali mofanana. Safunsa dzina la pa chitseko. Amangojambula botolo m'mwamba ndi manja, ine n'kuloza pamwamba ndi tsache.

Chingerezi cha a Sroka sichinasinthe, akadali malasha omwe aja. Maloya a m'nyumba ya magalasi amawaseka, ndinamva ndekha pa maliro a woweruza wina. Koma palibe mlendo amatuluka mu ofesi muja asanabwereze ndi pakamwa pake, ndipo ndikamakolopa pafupi ndi chitseko ndimamva chala chikugunda kalendala, kenako phokoso la makiyi a munthu akumira. Ali ndi zaka makumi asanu ndi limodzi mphambu zisanu ndi chimodzi tsopano, chiuno chikuwavuta, masitepe amakwera akutukwana sitepe iliyonse. Chaka chilichonse amati chaka chamawa atseka. Chipewa cha a Lucjan chinabwerera pa msomali, Bambo Brown anapuma pa ntchito popanda penshoni.

Ntchito yanga yatsopano ndi nkhaka. Mwezi wa Ogasiti ndimaviika mabotolo makumi anayi, adyo wokwanira, ndipo khumi ndi awiri amakwera pamwamba. Pa kapepala ka botolo lililonse ndimadindapo chidindo changa, poti sindinachitaye. A Sroka amati kudzitcha pulezidenti wa kampani yoti kulibe ndi mlandu, tsiku lina adzandimangitsa. Ine ndimati kasumeni, ndili ndi loya wabwino.

Kansalu kofiira ka pa makiyi kanada, Aldona wandigulira kena kawiri konse. Ndimakana. Ukakanunkhiza bwinobwino kamamvekabe mchere ndi adyo, ndipo sindinakachape chichokere tsiku limenelo.